Mkuyu Umene Unagwetsa Mwana wa Mfumu

Padangotero. Amene ali nane ayankhe kuti tili tonse, ndipo ayankhe momveka, chifukwa ine zobwereza sindimazikonda.

Panali mfumu ya anyani, mayi, dzina lawo a Nankhoma. Sanali aukali ayi. Anali oseka, mlandu ukabwera ankauzenga mofatsa mpaka okangana aja kubwerera kwawo akucheza. Anali ndi mwana wamwamuna dzina lake Sankhani. Tsiku lina Sankhani akusewera katungwe panthambi ndi anzake, dzanja linaterereka. Anagwa, khosi n'kuthyoka. Mayi ake anali chapafupi pomwepo, ndipo kugwako anakumva ndi makutu awo. Silinali phokoso lalikulu. Kunangomveka kuti phi, basi.

Nthawi imeneyo a Nankhoma anali oyembekezera. Mwana atabadwa, wamkazi, anamutcha Chatsalira. Kuseka kuja anasiyira pomwepo.

Mukudziwa zimene amachita amayi mwana akapunthwa n'kugwa. Amamenya pansi ndi chikhatho, amvekere, "Iwe, ndiwe wagwetsa mwana wanga," mwana n'kutonthola poona kuti mdani wake wamenyedwa. Ndi zonamiza mwana chabe, aliyense amadziwa. Koma a Nankhoma zimenezi anazisandutsa lamulo. Anaitanitsa mudzi wonse n'kunena kuti:

"Kuyambira lero mwana asagwenso m'mudzi muno. Ana onse azikhala kumsana. Mwana akagwa, chimene chamugwetsacho chili ndi mlandu. Ukakhala mwala ufukulidwe, chikakhala chitsa chizulidwe, ukakhala mtengo udulidwe."

Palibe anatsutsa. Ungatsutsane bwanji ndi namfedwa? Ntchitoyo anapatsa Njiri, n'kumuveka unduna. Njiri udindo anaukonda moipa. Ankayenda nkhwangwa ili paphewa, mchira uli njo, anyamata ake ali pambuyo. Anayamba ndi mtengo umene unagwetsa Sankhani. Kenako ina. Mwana akangopulumuka kumsana kwa amake, Njiri wafika kale, maso ali pamtengo umene uli pafupi. Anadula, anadula, mpaka m'mudzi monse munatsala mtengo umodzi wokha, mkuyu. M'mphako ya mkuyuwo ndi mmene munkakhala Gologolo.

Ana anakulira kumsana. Chatsalira anatalika mpaka miyendo yake inkakwekwereza pansi mayi ake akamayenda, ndipo msana wa mfumu unayamba kupindika. Mimbulu ikamveka kuti yayandikira, amayi onse ankathawira mumkuyu muja, poti mimbulu simakwera mumtengo. Ankakwera ana ali kumsana, akubuula. Aliyense ankaona kuti tsiku lina msana wa wina udzakana. Wonena panalibe.

Ndiye tsiku lina a Nankhoma, msana utawavuta, anatsitsa mwana pansi pa mkuyu kuti adziwongole pang'ono. Chatsalira anaponya phazi, n'kupunthwa pamuzu, n'kugwa chafufumimba. Asanamalize n'komwe kukoka mpweya woti alirire, Njiri anali atatulukira, akulavulira malovu m'manja.

Musaganize kuti Gologolo ankaganizira ana a eni ake. Iye ankaganizira mphako yake ndi nkhuyu zake. Anadziwanso kuti kuuza mfumu kuti uwu ndi mtengo wothawirako womaliza n'kutaya nthawi, chifukwa mayi amene ali ndi mwana wolira m'manja samva za mawa. Anatsika msangamsanga, n'kugwada, n'kuomba m'manja.

"Zikomo mfumu, pepani ndi ngoziyi. Mtengo uwu udulidwe ndithu. Ine ndimagona m'mimba mwake, ndimaudziwa, ndi wamwano. Chondiwawa n'chakuti pano ukuseka."

"Ukuseka chiyani?" inafunsa mfumu.

"Ukuti nkhwangwa ndi zamasewera. Mtengo nkhwangwa suimva, mfumu, umangogona pansi ngati watopa. Chimene mtengo umaopa ndi dzanja la mwana amene waulakwira. Simuona amayi ena amagwira kadzanja ka mwana n'kumenyetsa pansi? Sachita mopusa."

"Mfumu, kanyama aka n'kabodza," anatero Njiri.

"A Nduna, mitengo yonse mwadula ija, ulipo umene unapepesa?"

Njiri anatsitsa nkhwangwa paphewa.

Chiyambire maliro aja, chimene mtima wa a Nankhoma unkafuna n'chakuti chinachake chimve kuwawa mmene ankamvera iwo. Kumva kuti mitengo yonse ija inangogona osamva kanthu kunawabaya.

"Aumenye mpaka upepese," anatero. "Ukapepesa, udulidwe."

"Zamveka mfumu. Kungoti pali mwambo wake. Mwana apite yekha, wamkulu asamugwire. Mtengo ukaona kuti wabwera atanyamulidwa umati wabwera ndi amake, mlandu umathera pomwepo. Inunso mukhale kutali. Mukayandikira umadzilimbitsa."

"Nanga akagwa?"

"Agwera pati? Ndi pansi pompa. Komanso a Nduna alipo, aziyang'anira."

M'mawa mwake mfumu inasiya mwana chapatali ndi mkuyu, n'kupita kukazenga milandu ikucheukacheuka. Njiri anaika nkhwangwa pansi n'kukhala. Chatsalira anaimirira, miyendo ikunjenjemera ngati yobwereka. Anayenda pang'ono, n'kupingika ndi mpini wa nkhwangwa ija, n'kugwa.

Njiri anadzambatuka. "Basi zatha. Ndikukanena."

"Pitani, bwana," anatero Gologolo. "Ingondiuzani, chamugwetsa n'chiyani?"

Njiri anayang'ana mpini.

"Nanga mpiniwo anauika panjira ndani? Lamulo mumalidziwa ndinu. Chogwetsa mwana chimadulidwa. Ine sindikudziwa kuti ayamba ndi mwendo uti."

Njiri anakhalanso pansi mwakachetechete. Kuchokera tsiku limenelo, zonse zochitika pamkuyu sanazione.

Chatsalira anali chigonere pansi, akulira. Ankalira kwinaku akuyang'ana uku ndi uku, kudikira womunyamula, kudikira womenya pansi. Palibe anabwera. Analira mpaka kulirako kunatopa kokha.

"Ankolo, ndinyamuleni."

"Ine? Waona msinkhu wanga?"

"Pandiwawa."

"Pati?"

"Apa."

"Eya, pamenepo pamawawa. Pasiya posachedwa. Mtengo ukukuyang'ana."

Kenako Gologolo anayamba kanyimbo. Kanali konyoza mkuyu. Kankauuza kuti usafulumire kusangalala, chifukwa amene wagwa uja sanapite kwawo, akungosasa fumbi, akubweranso. Kanali kafupi, kobwerezabwereza, ndipo pothera pake pankafunika kuponda pansi mwamphamvu. Chatsalira anamvetsera, mamina ali chuchuchu. Anagwira pansi ndi manja onse awiri, n'kudzuka. Anagwanso asanafike, n'kudzukanso. Atafika pamuzu uja anaumenya mbama ndi mkwiyo wonse.

Gologolo anaika khutu pamtengo, n'kupukusa mutu.

"Sunamve. Uku n'kumapazi, n'kouma ngati zidendene za a Nduna. Mawa tiumenye pamimba."

Pamimba pake panali pamphako paja, pamwamba poti wamkulu ataimirira sangafike. Madzulo mfumu inafunsa kuti, "Wapepesa?" Gologolo anayankha kuti, "Wayamba kufooka, mfumu."

Kukwera kunali kwina. Chatsalira ankagwira khungwa, kukoka thupi pang'ono, n'kutsetsereka. Mawondo anasupuka. Gologolo sankamuuza kuti asagwe. Ankamuuza kagwedwe.

"Usamaume ngati chikuni. Ukaona kuti zakanika, pinda miyendo, bisa mutu, gubuduka. Taona." Iye n'kudziponya dala kuchokera panthambi, n'kugubuduka, n'kudzuka mchira uli mbuu ndi fumbi. Chatsalira anaseka. Njiri anadzidzimuka, chifukwa mwanayo anali asanamumvepo akuseka.

Ana ena ankaonera ali kumisana ya amayi awo, ndipo anayamba kuvuta, kumangofwanthamuka. Gologolo anawaona.

"Amayi inu, mlandu uwu ukusowa mboni. Mboni imaperekera umboni ili kumsana?"

Amayiwo anayang'anana, n'kuyang'ana Njiri. Njiri ankayang'ana kumwamba. Mmodzi anamasula mwana wake, n'kugwira m'chiuno, n'kuusa moyo. Enanso anatero. Pasanapite nthawi pansi pa mkuyu panali chipwirikiti. Mboni zinkathamangitsana, kugwetsana, kukwerana pamsana, kudumpha mizu. Wina akagwa, ena onse ankamuzungulira n'kuimba kanyimbo kaja, akuponda pansi, mpaka adzuke. Wolira kwambiri ankamudikira, osamuseka, koma osamunyamulanso.

Onse anafika pamphako, Chatsalira yekha ayi. Iye ndi amene anakhalitsa kumsana kuposa onse, manja ake anali ofewa. Tsiku lina atatsetsereka mpaka m'manja kutuluka matuza, anakhala pansi n'kupinda manja.

"Ndasiya. Mtengo wapambana."

"Chabwino," anatero Gologolo. "Dikira ndikauuze."

Analowa m'mphako. Mosakhalitsa m'mimba mwa mtengo munamveka chiphwete cha mawu aakulu, chonyoza kwabasi. Chatsalira anadzuka maso ali psu. Anaulumphira mtengo, anakwera, anatsetsereka, ana akuimba, anakweranso, mpaka dzanja lake linagwira pakamwa pa mphako. Anakoka thupi n'kusuzumira mkati. Anapeza Gologolo atatupitsa masaya, akukonzekera kusekanso.

Anayang'anana.

"Ankolo, ndiye amasekayo ndinu."

"Ndine."

"Mtengo sumva chilichonse eti?"

"Sumva. Ndiye usiya?"

Chatsalira anayang'ana pansi pamene anachokera. Kenako anayang'ana kumwamba.

"Mutu wake uli kuti?"

"Kunsonga uko. Koma n'kutali."

"Mawa."

Mawalo silinafike bwino. Madzulo a tsiku limenelo a Nankhoma anakhazika mwana pamiyendo kuti amusake nsabwe, monga amachitira anyani onse. Zala zawo zikuyenda muubweya zinakhudza chinthu cholimba pabondo. Anapatula ubweya. Nkhanambo. Bondo linalo, nkhanambo. Pachigongono, chilonda chatsopano. M'manja, matuza.

"Wagwa kangati?"

Mwana anabisa manja kumbuyo.

"Chatsalira, ndakufunsa."

"Sindinawerenge, amayi."

Kutacha mfumu inafika pamkuyu mwana ali kumsana, atamangidwa ndi luzi kuti asatsike. Amuna onse anali atapita kukathyola chimanga m'minda ya anthu, m'mudzi munatsala amayi ndi ana. Mfumu sinakuwe. Bola ikanakuwa.

"Gologolo, tsika."

Anatsika, n'kugwada.

"Wandinamiza. Watenga maliro a mwana wanga n'kuseweretsa."

"Ndanama, mfumu. Ndimateteza nyumba yanga. Koma funsani msana wanu ngati chaka chamawa udzakwere naye mwanayu."

"Iwe unamvapo phokoso la mwana wako akugwa?"

"Ayi, mfumu."

"Ndiye khala chete."

Gologolo, wa pakamwa posatha mawu uja, anaweramitsa mutu. Panalibe pulani yoposa funso limenelo.

"Ana onse kumsana," inatero mfumu. "Njiri, dula. Za iwe tikamba ukamaliza."

Njiri, pofuna kudziyeretsa, anatema ndi mphamvu zake zonse. Nkhwangwa inalowa, utomoni woyera n'kuyamba kuyenderera patsinde. Anatemanso.

Chimene onse sankadziwa n'chakuti mimbulu inali itaphunzira kalekale. Nkhwangwa ikalira kwa anyani, ndiye kuti kothawira kwachepa. Inamva, inabwera.

Woyamba kuiona anali Njiri. Anaponya nkhwangwa, iye ndi anyamata ake n'kukalowa kuuna chambuyo, unduna n'kuusiya panja. Amayi anathamangira kumkuyu, koma asanagwire n'komwe tsinde, ana anali atadumpha kumisana okha, akukwera ngati anabadwira momwemo. Amayiwo anawatsatira, opepuka, osamvetsa.

Pansi panatsala mfumu. Inagwira tsinde, inakoka, msana unakana. Inatsetsereka. Inayesanso, mano ali gwa, mwana akulemera kumbuyo ngati thumba la mchenga. Inatsetserekanso. Mimbulu inasiya kuthamanga, inayamba kuyenda pang'onopang'ono, ikufalikira mbali zonse.

"Amayi, ndimasuleni."

"Ugwa."

"Eya, ndigwa. Ndimasuleni."

Gologolo anali panthambi ya m'munsi. Analankhula motsitsa mawu, mopanda chinyengo chilichonse.

"Mfumu, awiri simukwera."

A Nankhoma anamasula luzi. Mwana atatsika, iwo anatola nkhwangwa ya Njiri ija, n'kufulatira mtengo, n'kuyang'anana ndi mimbulu.

Kumbuyo kwawo ankamva zikhadabo zikukanda khungwa. Zinakwera, zinakwera. Kenako zinafika pautomoni paja.

Phi.

Phokoso lomwe lija. Losachepa, losakula, lomwe lija la Sankhani. Thupi lonse la a Nankhoma linafuna kutembenuka. Dzanja linafuna kutaya nkhwangwa kuti likanyamule mwana. Koma mmbulu wotsogola unali poti utha kudumpha, ukungodikira kuti acheuke. Akanacheuka, akanatha onse awiri. Anaima, misozi ikutsika, maso ali kutsogolo. Kumbuyo kunali zii.

Ndiye kumwamba mwana wina anayamba kanyimbo kaja. Anayamba molakwika, koma anzake anamulandira. Kaja kouza mtengo kuti wagwa uja sanapite kwawo, akungosasa fumbi. Pofika poponda pansi paja, anaponda panthambi, mkuyu wonse n'kugwedezeka. A Nankhoma anali asanakamvepo. Anakamvera pomwepo, atafulatira mwana wawo.

Mmbulu unadumpha. Anaumenya ndi mpini, wina n'kuwaluma mkono wamanzere, n'kukakamira. Anaumenya pamphuno mpaka unasiya. Ndipo pakati pa phokoso lonselo khutu lawo linatola kanthu kakang'ono: zikhadabo, zikukandanso khungwa.

Chatsalira anali atagubuduka, mutu atabisa. Mpweya unamuthawa kaye, anaudikira mpaka unabwerera. Anapukuta manja pafumbi kuti utomoni uchoke. Ulendo uno anaponda pamene nkhwangwa inatema, n'kudzikankha, n'kudutsa poterera paja. Anapitirira mphako. Anapitirira nthambi imene panali amayi ena.

"Amayi, ndafika. Kwerani."

A Nankhoma anaponyera mimbulu nkhwangwa, n'kulumphira tsinde. Anakwera ndi dzanja limodzi, linalo likulendewera. Kumsana kunalibe kanthu, ndipo anadabwa mmene analili opepuka.

Mimbulu inazungulira mtengo mpaka amuna aja anabwerako n'kuithamangitsa. Nthawi yonseyo mfumu inakhala panthambi, magazi akudontha, maso ali kunsonga kumene Chatsalira anakhala atakumbatira kanthambi. Gologolo anasendera pafupi ndi masamba oti amange pabala. Mfumu inamulola.

"Mtengo wako wapepesa?"

"Mtengo sulankhula, mfumu."

"Ndikudziwa." Inamutambasulira mkono. "Ndinkadziwa ndi kale."

Mkono uja sunachire. Unauma, moti a Nankhoma sanathenso kunyamula mwana kapena kumanga luzi. Lamulo lija sanaitanitse mudzi kuti alichotse. Anangosiya kulitchula. Mkuyu unapola, chipsera cha nkhwangwa chinatsala, ndipo ana ankapondapo pokwera. Gologolo anabwerera m'mphako mwake n'kumadandaula tsiku lililonse kuti mboni zikumuthera nkhuyu.

Patapita nthawi, ana anamanga katungwe panthambi ya m'munsi. Mfumu inali itakhala pomwepo, ikuwaona. Itafika nthawi ya Chatsalira, anakankha mwamphamvu kuposa onse, dzanja n'kuterereka, n'kugwa.

Ana anasiya phokoso. Amayi anaimirira. Njiri, amene anali atatola nkhwangwa yake ija osauzidwa ndi aliyense, anayamba kuyandikira, akuyang'ana nkhope ya mfumu. Dzanja labwino la a Nankhoma linali litakwera kale m'mwamba, chikhatho chitatambasuka, pansi pali pompo. Linakhala m'mwambamo. Kenako linatsika pang'onopang'ono n'kukhala pamiyendo pawo.

"Wapweteka?"

"Pang'ono."

"Pati?"

"Pachigongono."

"Tapinda ndione."

Mwana anapinda, n'kutambasula.

"Ndiye ukudikira ndani?"

Chatsalira anadzuka, anasasa fumbi, n'kukaima kumbuyo kwa mzere kudikira kuti akwerenso. Ana anayamba kuimba. A Nankhoma anaimirira ngati akupita kukazenga mlandu, n'kuzungulira kuseri kwa mkuyu kumene mwana sangawaone. Kumeneko anatsamira pamtengo n'kulira Sankhani wawo, mwakachetechete, mpaka nyimbo inatha.

Gologolo anawaona ali pakhomo pa mphako yake. Nkhani imeneyo yokha sanauze aliyense.

Nthano yanga yathera pompa. Amene anasiya mbatata pamoto adzuke yekha akaphule.